Mankhwala osungunula magazi pa opaleshoni ya baipasi: asiye liti, ayambenso liti?

Mlembi wa gulu:
Moni nonse kuno ku Mangochi ndi inu muli kutali. Funso ili labwera kangapo, ndiye tiliike poyera. Munthu wauzidwa kuti mitsempha yodyetsa mtima yatsekeka, akufunika opaleshoni ya baipasi, tsiku la ulendo lapatsidwa kale. M'thumba mwake muli asipirini, clopidogrel, mwina ndi warfarin. Achibale ena akuti asiye zonse kuopa kutha magazi pa tebulo, ena akuti asasiye ndi limodzi lomwe. Azaumoyo muli muno, tiyankhuleni.

Adokotala a pa Boma:
Mbali zonse ziwiri zaphonya. Mankhwalawa ali m'magulu awiri ndipo lililonse lili ndi nthawi yake. Gulu loyamba limaletsa ma platelet, tizidutswa tam'magazi tomwe timayamba kumatana pakachitika bala: asipirini, clopidogrel, ticagrelor, prasugrel. Gulu lachiwiri limafooketsa mapuloteni omwe amalimbitsa magazi oundana: warfarin, heparin, enoxaparin, rivaroxaban, apixaban, dabigatran.

Asipirini wa 75 mpaka 100 mg kawirikawiri sasiyidwa. Munthu amamwa mpaka kufika ku fiyeta, ndipo akatuluka amayambanso pasanathe maola 24 ngati mapaipi a pachifuwa sakutulutsa magazi ambiri. Chifukwa chake n'chakuti dokotala amatenga mtsempha wina, wa kuseri kwa fupa la pachifuwa, wa m'mwendo kapena wa pamkono, n'kuusokerera kuti magazi alambalale potsekekapo. Mtsempha wa m'mwendo uja ndi wosachedwa kutsekeka ndi magazi oundana m'mwezi woyamba, ndipo asipirini ndi amene amauteteza. Ameneyu ndi wa moyo wonse.

Clopidogrel amasiyidwa masiku 5 opaleshoni isanachitike, ticagrelor masiku 3 (zipatala zina zimafuna 5), prasugrel masiku 7. Warfarin masiku 5. Rivaroxaban ndi apixaban masiku 2 kapena 3, dabigatran kuposera apo ngati impso ndi zofooka. Koma wonena tsiku ndi dokotala wochita opaleshoniyo, osati ife pano.

A Famase:
Adokotala, pa asipirini ndionjezere pang'ono, chifukwa makalata ena ochokera kunja amalemba kuti asiye, ndiye anthu asokonezeka kuti wolondola ndani. Zimachitika kwa amene ali pa chiopsezo chachikulu chotaya magazi: wobwereza opaleshoni ya mtima, wa impso zoonongeka kwambiri, kapena amene salandira magazi pa chifukwa cha chipembedzo. Amenewo amatha kuuzidwa kusiya masiku 5. Kalata ikatero, tsatani kalatayo.

Adokotala a pa Boma:
Zoona achimwene. Chomwe ndikukana ndi kusiya chifukwa choti amalume anena.

Anamwino a ku Monkey Bay:
Powerenga masiku ndi pomwe anthu amagwa. "Masiku 5" akutanthauza masiku asanu athunthu opanda piritsi. Opaleshoni ikakhala Lolemba, clopidogrel womaliza amwedwe Lachiwiri la sabata yam'mbuyo. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu osamwa. Ticagrelor wa masiku 3, womaliza Lachinayi madzulo. Wina akamwa Lachisanu poganiza kuti zatsala pang'ono, tsiku la opaleshoni limasunthidwa, ndipo ngati muli ku India ndiye kuti ndalama ya malo ogona yakwera.

Palinso vuto lina. Tsiku likasunthidwa ndi milungu iwiri chifukwa cha pasipoti, viza kapena ndalama zakunja, munthu amangokhala osamwa mankhwala nthawi yonseyo. Tsiku likasintha, imbani foni tsiku lomwelo mufunse ngati ayambenso kumwa.

Mayi a ku Malindi:
Pepani ndifunse ngati wosadziwa. Piritsi limatha m'thupi tsiku limodzi, n'chifukwa chake timamwa tsiku lililonse. Nanga masiku asanuwo ndi a chiyani?

A Labu:
Funso labwino amayi. Clopidogrel akagwira platelet sailekanso mpaka itafa. Platelet imakhala m'magazi masiku 7 mpaka 10, ndipo mafupa amapanga zatsopano pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi tsiku lililonse. Pakatha masiku asanu, pafupifupi theka la ma platelet ndi atsopano osakhudzidwa ndi mankhwala, ndipo amenewo ndi okwanira kutseka bala. Ticagrelor amagwira n'kuleka, ndiye masiku ake ndi ochepa. Warfarin ndi nkhani ina: amaletsa chiwindi kugwiritsa ntchito vitamini K, ndiye mukasiya chiwindi chimafuna masiku angapo kuti chipangenso mapuloteni aja. Timaona ndi INR, kuyeza magazi komwe kumasonyeza mmene akuchedwera kuundana. Munthu wosamwa warfarin amakhala cha pa 1. Madokotala ambiri amafuna ikhale pansi pa 1.5 asanang'ambe.

Adokotala a pa Boma:
Apa ndichenjeze mwamphamvu. Amene anaikidwa stenti (kachubu ka waya kotsegula mtsempha wa mtima) miyezi yapitayi, kapena amene wangodwala kumene nthenda yamtima yadzidzidzi, akasiya yekha clopidogrel kapena ticagrelor, stenti imatha kutsekeka nthawi imodzi, ndipo zimenezo zimapha. Odwala otere nthawi zina amagonekedwa m'chipatala masiku odikirawo kuti aziyang'aniridwa. Ngati mtima sungadikire, opaleshoni imachitika mankhwala asanathe m'thupi, atakonzeratu magazi ndi ma platelet oonjezera.

Za warfarin: si onse ofunika jakisoni wolowa m'malo mwake pa masiku asanu aja. Ofunikadi ndi amene ali ndi valavu (kachitseko ka mumtima) yachitsulo, makamaka yotchedwa mitral, amene anaundana magazi m'mwendo kapena m'mapapo m'miyezi 3 yapitayi, ndi amene anagwidwa sitiroko posachedwa. Iwowa amabayidwa enoxaparin INR ikatsika pansi pa 2, pafupifupi 1 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi kawiri pa tsiku, womaliza maola 24 opaleshoni isanachitike. Ngati ndi heparin wa m'diripi, amatsekedwa kutatsala maola 4 mpaka 6. Wa impso zofooka mlingo wake umatsitsidwa, apo ayi mankhwala amaunjikana.

Anamwino a ku Monkey Bay:
Kabayidwe ka enoxaparin, poti ena amapatsidwa kuti azikadzibaya kunyumba. Sambani m'manja. Sankhani pamimba cham'mbali, masentimita 5 kuchokera pa mchombo, kutali ndi chipsera kapena pomwe panadutsa paipi. Tsinani khungu ndi zala ziwiri, lowetsani singano yonse choimirira, kankhani pang'onopang'ono mutatsinabe. Kampweya kali mu sirinji musakatulutse, kamakankhira mankhwala onse mkati. Mukazula musatikite, mukatikita pamachita chibuluu chachikulu. Lero kumanja, mawa kumanzere. Ndi kutentha kwathu kuno mu Okutobala, musaike mankhwalawa pawindo kapena m'galimoto. Malo ozizirira, koma asaume ngati ayezi.

Mwalimu wa ku Makanjira:
Salaam aleikum nonse. Pali chinthu chomwe anthu athu ambiri kuno angafune kuchidziwa asanakwere ndege. Ndamva kuti heparin amachokera ku nkhumba. N'zoona?

A ku Fiyeta:
Waleikum salaam mwalimu. N'zoona ndithu, heparin wambiri padziko amapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhumba, ndipo enoxaparin amachokera ku heparin yemweyo. Alipo opangidwa mu fakitale osakhudza nyama, monga fondaparinux ndi bivalirudin. Fondaparinux angalowe m'malo mwa jakisoni wa pamimba kwa odwala ena, koma sagwira ntchito pa makina a mtima ndi mapapo. Bivalirudin amagwira, koma amasungidwira amene thupi lawo limadana ndi heparin, chifukwa alibe mankhwala omubweza ndipo kutaya magazi kumavuta kuletsa.

Ndifotokoze chifukwa chomwe heparin sapeweka. Pa baipasi yambiri mtima umaimitsidwa, magazi amadutsa m'mapaipi a pulasitiki kupita mu makina n'kubwerera. Magazi akakhudza pulasitiki amaundana. Ndiye asanalumikize amapereka heparin wochuluka, mayunitsi 300 mpaka 400 pa kilogalamu, n'kuyeza ACT, nthawi yomwe magazi akutenga kuti aundane. Mwachibadwa imakhala masekondi oposa 100 pang'ono, koma pa makina amafuna ipitirire 400, ambiri amati 480. Akamaliza kusoka amapereka protamine, pafupifupi 1 mg pa mayunitsi 100 aliwonse a heparin, kuti magazi ayambenso kuundana. Ngakhale baipasi yochitika mtima ukugunda imafunabe heparin, wocheperako chabe.

Mwalimu wa ku Makanjira:
Mwafotokoza bwino. Ma ulama ambiri amaloleza zotere pamene moyo uli pachiswe ndipo palibe cholowa m'malo chofanana nacho. Chabwino n'chakuti munthu akambirane ndi shehe wake akadali kuno, mtima ukhale m'malo, kusiyana n'kukazimvera pakhomo la fiyeta n'kukana.

A ku Fiyeta:
Ndi nkhani ina yokhudza ife a kunyanja. Protamine amachokera ku nsomba ya salmon. Ngati munthu amatupa milomo, kuchita zidzolo kapena kubanika akadya nsomba, anene msanga. Chimodzimodzi odwala shuga amene amabaya insulin wooneka ngati mkaka uja, chifukwa muli protamine, ndi abambo amene anatseketsa kubereka. Sikuti opaleshoni ilephereka ayi, koma timapereka pang'onopang'ono titakonzeka, chifukwa BP imatha kugwa mwadzidzidzi. Wodya chambo ndi usipa tsiku ndi tsiku popanda vuto asade nkhawa.

A Labu:
Asananyamuke, zitatu ziyezedwe kuno: kuchuluka kwa magazi, mkodzo ndi malungo. Kuno likodzo ndi lambiri, ndipo chikhodzodzo chokhala ndi zilonda za likodzo chimatulutsa magazi kwambiri munthu akayamba mankhwalawa. Praziquantel ndi 40 mg pa kilogalamu, kamodzi. Kulinso likodzo la m'matumbo lomwe limaumitsa chiwindi, kapamba n'kutupa, mitsempha ya kummero n'kufufuma. Wotereyu akapatsidwa asipirini ndi clopidogrel osapimidwa amatha kusanza magazi. Malungo nawo amatsitsa ma platelet. Munthu wopita ku fiyeta ndi magazi ochepa ndi amene amafuna kuikidwa magazi ambiri, choncho ngati magazi ndi ochepa, mapiritsi a ayironi ayambe milungu ingapo kusanafike.

A Famase:
Tsopano pobwerera, pomwe ine ndimaona kuti ngozi ndi yaikulu kuposa popita. Ambiri amachitidwa opaleshoni ku India, South Africa kapena Tanzania ndipo amabwera ndi mankhwala a maina achilendo. Ecosprin ndi asipirini. Plavix ndi Clopilet ndi clopidogrel. Brilinta ndi ticagrelor. Pali makapisozi ena ophatikiza asipirini, clopidogrel ndi atorvastatin (wotsitsa mafuta m'magazi) m'kapisozi mmodzi. Munthu akafika kuno napita ku chipatala osanyamula mapaketi, amalemberedwa asipirini ndi clopidogrel wina, n'kumamwa kawiri osadziwa. Nyamulani mapaketi onse, ngakhale otha.

Chachiwiri, ku India amakonda acenocoumarol, wodziwika kuti Acitrom, m'malo mwa warfarin. Ndi apachibale koma mamiligalamu ake safanana, acenocoumarol ndi wamphamvu pa miligalamu iliyonse. Akatha simungangoti 2 mg uku, 2 mg uko. Asinthe ndi dokotala, INR ikuyezedwa pafupipafupi.

Chachitatu, musadalire mtundu wa piritsi la warfarin. Pa kapangidwe ka ku UK la pinki ndi 5 mg, pa ka ku America la pinki ndi 1 mg. Werengani nambala.

Ticagrelor sapezekapezeka m'mafamase a kuno. Amene wapatsidwa ameneyu afunse asanachoke kuti akatha atani. Amamwedwa 90 mg kawiri pa tsiku, ndipo poti amachoka msanga m'thupi, kujomba masiku awiri atatu ndi nkhani yaikulu. Musadikire piritsi lomaliza, yambani kufunafuna kutatsala milungu iwiri.

Mayi a ku Malindi:
Ndiye clopidogrel uja akabwerako amwa mpaka liti? Ndipo bwanji ena amapita opanda warfarin n'kubwera naye?

Adokotala a pa Boma:
Amene anachitidwa baipasi atangodwala nthenda yamtima yadzidzidzi, kapena ali ndi stenti yatsopano, amayambanso clopidogrel kapena ticagrelor magazi akasiya kutuluka, ndipo kawirikawiri amamwa pamodzi ndi asipirini mpaka miyezi 12. Ena asipirini yekha amakwana. Kalata yotulutsira m'chipatala ilembe tsiku losiyira, ikapanda kulemba funsani musanakwere ndege.

Za warfarin: pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu mtima wake umagunda mosalongosoka pambuyo pa opaleshoni, makamaka tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Kwa ambiri zimatha zokha. Zikapitirira, magazi amatha kuundana mkati mwa mtima n'kupita ku ubongo, ndiye amapatsidwa warfarin kapena apixaban kwa milungu ingapo mpaka miyezi itatu, kenako aunikidwenso ndi ECG, makina oonera kagundidwe ka mtima. Vuto ndi loti ena samaunikidwanso, amangomwabe zaka. Amene anaikidwanso valavu yachitsulo, warfarin ndi wa moyo wonse, ndipo rivaroxaban kapena apixaban salowa m'malo mwake. INR yofunika ndi 2 mpaka 3 kwa ambiri, 2.5 mpaka 3.5 kwa valavu yachitsulo ya mitral.

Mukaona pa kalata pali atatu pamodzi, asipirini, clopidogrel ndi warfarin, funsani kuti n'zadala kodi, nanga mpaka liti. Zimachitika, koma kwa nthawi yochepa.

Chinanso chosowa koma choopsa: pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 chilandirireni heparin, thupi la ena limamuukira, ma platelet amatsika ndi theka, ndipo m'malo motaya magazi munthu amaundana magazi. Mwendo ukatupa, chala chikada, kapena akayamba kubanika m'milungu yoyambayi, ayezedwe ma platelet ndipo asabayidwenso heparin mpaka zitadziwika.

A Labu:
INR samayeza pa zipatala zazing'ono, ndiye funsani kumene mukayezetse musanafike pofunika, kaya pa Boma, ku Zomba Central, ku Queens kapena labu yolipira. Poyamba ndi masiku angapo aliwonse, kenako sabata ndi sabata, ikakhazikika kamodzi pa mwezi. Kwa anzanga otenga magazi: botolo ndi la chivindikiro cha buluu wowala, lidzaze mpaka pa mzere. Likaperewera, INR imaoneka yokwera mwabodza, dokotala n'kutsitsa warfarin popanda chifukwa. Musaliike m'firiji, ndipo lifike ku labu tsiku lomwelo. Zotsatira zilembedwe m'buku la kuchipatala pamodzi ndi mlingo wa tsikulo.

A Famase:
Mankhwala omwe amasokoneza, ndipo onsewa ndi a tsiku ndi tsiku kuno. Bactrim, Flagyl, fluconazole, ciprofloxacin, erythromycin ndi kwinini amakweza INR. Amene ali pa ma ARV ndipo amamwa Bactrim tsiku lililonse anene, mlingo wa warfarin ukonzedwe mogwirizana. Rifampicin wa mu mankhwala a TB amachita mosemphana, amafooketsa warfarin, ticagrelor ndi rivaroxaban kwambiri, ndipo TB ikatha warfarin ayenera kutsitsidwanso, apo ayi INR imauluka patapita milungu ingapo. Ma ARV a TLD savuta kwenikweni, koma ma ARV okhala ndi ritonavir amakweza ticagrelor ndi rivaroxaban n'kufooketsa clopidogrel. Amiodarone, yemwe amaperekedwa pa kugunda kosalongosoka kuja, amakweza INR pang'onopang'ono kwa milungu yambiri.

Pa ululu wa bala, Panado. Brufen, diclofenac ndi Indocid ayi, amakanda m'mimba n'kuonjezera kutaya magazi. Mankhwala ena a mutu a m'magolosale ali ndi asipirini mkati, werengani kuseri. Woteteza m'mimba kwa amene ali pa clopidogrel ndi bwino akhale pantoprazole, chifukwa omeprazole amafooketsa clopidogrel. Mukangopeza asipirini wa 300 mg, gawo limodzi mwa anayi ndi 75 mg, koma piritsi lokutidwa ndi kachikopa kunja silidulidwa.

Mayi a ku Malindi:
Nanga ndiwo zamasamba? Anthu amati wa mankhwalawa asadye mpiru.

Anamwino a ku Monkey Bay:
Zimenezo zimakhudza warfarin ndi acenocoumarol basi. Wa asipirini ndi clopidogrel adye mmene angafunire, masamba ndi abwino ku mtima. Wa warfarin naye sakuletsedwa, chofunika ndi kudya mofanana sabata ndi sabata. Mpiru, repu, tchainizi, bonongwe, nkhwani, chisoso ndi chigwada zili ndi vitamini K wambiri. Dzinja likafika masamba n'kuchuluka pa mbale, INR imatsika. Munthu akadwala n'kusiya kudya, kapena akatsegula m'mimba, imakwera. Pa nthawi zoterozo yezetsani msanga. Ufa wa chammwamba wothira m'phala, mapiritsi a adyo, jinja wochuluka ndi mankhwala azitsamba a m'mabotolo, zisiyeni milungu iwiri opaleshoni isanachitike ndipo musayambenso osafunsa. Mowa nawo, makamaka kachasu wa kumapeto kwa sabata, umasokoneza INR.

Mwalimu wa ku Makanjira:
Pa Ramadan atani?

Adokotala a pa Boma:
Wongochitidwa kumene opaleshoni asasale, mudziwa bwino inu mwalimu kuti wodwala ali ndi chilolezo. Akachira, dokotala akavomera, a kamodzi pa tsiku amwedwe pomasula madzulo, nthawi yofanana tsiku lililonse. Asipirini amwedwe atadya. Rivaroxaban wa 15 kapena 20 mg amafuna chakudya chenicheni kuti alowe bwino m'thupi. A kawiri pa tsiku, monga ticagrelor ndi apixaban, limodzi pa daku lina pomasula. Wa warfarin ayezetse INR mwezi usanayambe komanso mkati mwake, poti kadyedwe kamasintha.

Pa ulendo, India ili patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka. Piritsi la 8 koloko usiku kumeneko ndi hafu pasiti folo madzulo kuno. Kusuntha ndi maola ochepawo tsiku limodzi si vuto, chachikulu musamwe kawiri kapena kudumpha. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja. Ambiri amaloledwa kukwera ndege pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo m'ndegemo aziimirira n'kuyendayenda, azimwa madzi.

Anamwino a ku Monkey Bay:
Zothamangira nazo ku chipatala osadikira kuche: chimbudzi chakuda bii chonanda ngati phula, kusanza magazi, kamfuno wosaleka mutatsina mphuno mphindi 10 mutaweramira kutsogolo, mutu woopsa wadzidzidzi, pakamwa kupotoka kapena mkono kufooka. Ayironi amadetsanso chimbudzi, koma chimakhala cholimba, chosanunkha moipa chotero. Mkodzo wofiira musangoti ndi likodzo. Kugwa pa kabaza kapena pa njinga yamoto n'kumenyetsa mutu, pitani ngakhale mukumva bwino, magazi a m'mutu amatha kuonekera mawa lake.

China chomwe chimaphonyeka: milungu iwiri itatu chichitikireni opaleshoni, munthu wa warfarin akuyamba kufooka, kupuma movutikira, chizungulire akaimirira, BP kutsika. Akhoza kukhala magazi akusonkhana m'thumba lokuta mtima n'kumaufinya. Pafunika sikani ya mtima tsiku lomwelo.

Mukafika nenani pakhomo pomwe kuti mumamwa chiyani ndipo lomaliza munamwa nthawi yanji. Warfarin amabwezedwa ndi vitamini K ndi plasma, madzi a m'magazi operekedwa. Clopidogrel alibe omubweza kupatula ma platelet, omwe amasungika masiku 5 okha ndipo amachita kuitanitsidwa ku Malawi Blood Transfusion Service. Wa warfarin akane jakisoni wa pathako ngati pali njira ina.

Mlembi wa gulu:
Funso lina langolowa kumene: munthu waiwala kumwa, atani? Ndipo dzino likuwawa, akazule?

A Famase:
Warfarin: akakumbuka tsiku lomwelo amwe, akakumbuka mawa lake alisiye, alembe m'buku, asamwe awiri. Clopidogrel: pasanathe maola 12 amwe, akapitirira adikire nthawi yake. Ticagrelor: angodikira piritsi lotsatira.

Adokotala a pa Boma:
Mano ovunda azulidwe opaleshoni isanachitike, makamaka ngati aikanso valavu. Likavuta pambuyo pake, asasiye asipirini kapena clopidogrel chifukwa cha dzino limodzi. Wozula auzidwe, azule m'mawa kumayambiriro kwa sabata, asoke pabalapo, wodwala alume gozi mphindi 30. Wa warfarin ayezetse INR m'maola 24 mpaka 72 asanazule, ikakhala pansi pa 4 amazula osasiya mankhwala. Wa valavu yoikidwa amwe amoxicillin 2 g kutatsala mphindi 30 mpaka 60, ngati thupi lake silidana ndi penisilini.